Paipi ya ku Chipinda Chakumapeto

6 Epulo

Atelala anga,

Moni wochuluka kwa inu ndi ana athu awiri. Ndikhulupirira nonse mukudzuka bwino. Ine kuno ndili bwino, kupatula chala chimodzi chimene ndinadzisinja ndi sipanala, koma ndi cha kumanzere, kudya sikunaime. Achimwene anu akupereka moni. Akuti musiye kuwalangiza m'makalata ngati mwana. Iwo ndi amene anakulerani makolo atapita, ndipo ntchito ndikugwirayi anandipezera ndi iwo, ndiye tonse awiri tiwapatse ulemu.

Mwafunsa kuti ntchito yangayi ndi yotani kwenikweni, poti anzanu akakufunsani mumangoti ndi za mapaipi. Ndi ntchito yanu yomweyo, mayi, kungoti inu mumayeza anthu, ine ndimayeza mapaipi. Kuno kukazizira saotha moto, amayatsa mahita a gasi. Gasiyo amakhala m'thanki panja, n'kumayenda m'mapaipi a kopa mpaka m'zipinda. Funso langa tsiku lililonse ndi limodzi: paipi ikhale yonenepa bwanji? Ndimatambasula tepi kuchokera pa thanki mpaka pa hita yakumapeto kwenikweni. Ndimawerenga pokhota ponse, chifukwa gasi akakhota amatopa. Ndimaphatikiza gasi amene mahita onse amadya, kenako ndimatsegula kabuku ka miyeso. Chimene kabuku kanena ndi chomwecho, diso lilibe mawu. Paipi ikachepa, mahita apafupi amakhuta, yakumapeto imatsala ndi njala. Tikamaliza timayatsa mahita onse nthawi imodzi n'kuyang'ana lawi la yakumapetoyo. Likakhala la buluu, timanyamula zida. Likakhala lachikasu, timayambanso. Miyezi isanu ndi itatu sindinabwerezepo ntchito, mpaka kapitawo wandipatsa dzina loti Tepi.

Timagona m'nyumba ya kampani, yaitali ngati sitima, zipinda zisanu zotsatana, amuna asanu ndi mmodzi chipinda chilichonse. Mapaipi a mahita ake asanu ndinayeza ndine. Vuto ndi lakuti bedi la alamu lili pakhomo penipeni, aliyense akatsegula chitseko mphepo imayambira pa iwo. Chifuwa chija chayambanso, ndipo utsi wa ntchito yawo yowotcherera zitsulo suwakomera. Anzathu ayamba kung'ung'udza kuti kutsokomolako kukuwasowetsa tulo. Akuti kuzizira kwenikweni sikunafike n'komwe.

Mwalemba kuti, “Muwasamale achimwene, ndilibenso wina.” Ndamva. Adutsa nyengo yozizirayi ali ofunda, siyirani ine.

Lamba wa makina osokera musamumange ndi waya, gulani watsopano. Denga la pamwamba pa bedi la ana muitane munthu alikonze. Wamkulu azimvera aphunzitsi, wamng'ono asiye kumeza mabatani anu.

Ndine mwamuna wanu,
Tepi


4 Meyi

Atelala anga,

Ndikufuna kumva za moyo wanu ndi wa ana. Ife kuno tili bwino, ndipo lero ndikulemba ndikumwetulira ndekha ngati chitsiru.

Kumapeto kwa khonde lathu kuli kachipinda kosungiramo zitini za penti ndi makwerero othyoka. Ndinapita kwa kapitawo chipewa chili m'manja, kukapempha kuti alamu azigonamo. Anandiyang'ana n'kuti, “Chotsanimo zinyalalazo, agonemo mdalayo. Koma za hita ine sindikuzidziwa, ndipo sindikufuna kuzidziwa.” Munthu akatero ndiye kuti walola, si choncho?

Dzulo Lamulungu anzathu onse anapita kukaonera mpira, nyumba inangoti zii. Ine ndi alamu tinasesa, tinakolopa, tinalowetsa bedi. Ndinatola hita yakale imene tinachotsa pa ntchito ina, ndi zotsala za paipi ya kopa yaing'ono, imene timaitchula kuti fifitini. Ndinalumikiza pa paipi ya chipinda chachisanu, n'kuiyendetsa m'mbali mwa khoma, kukhota kanayi, mpaka m'kachipindamo. Kabuku kanatsala ku ntchito, koma hita imodzi yokha si yovutikira kabuku. Nditayatsa, lawi linatuluka la buluu, lofanana ndi diresi lanu lija mumati ndi lovala pa zinthu zenizeni. Alamu anakhala pa chitini cha penti, anatambasula manja, n'kunena kuti, “Alamu, ndikadadziwa kuti ndinu munthu chonchi, sindikadakuzunguzani chaka chathunthu musanatenge mlongo wanga.” Tinaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Chimodzi chokha. Pansi pa zenera pali kabowo kolowera mpweya. Iwo akuti amene anamanga nyumbayi anali wamisala, munthu ungasiye bwanji khomo la mphepo m'dziko lozizira chonchi? Atsekapo ndi mwendo wa ovolosi yakale. Ndawauza kuti achotse, hita imapuma ngati munthu. Mukuwadziwa achimwene anu, amavomera ndi mutu wokha.

M'envelopu muno mupezamo mphete. Ndaidula ku paipi imene inatsala dzulo, ndaipala ndi sandipepa mpaka yawala. Ya golide ija ndinakulonjezani ikubwerabe, iyi ikhale ikusunga malo. Ikakana zala zina muyese chaching'ono.

Nkhani ya hitayi ikhale ya ife awiri. Musauze akazi a anzanga a kuno, chifukwa nkhani ikafika kwa iwo imabwerera kuno mwachangu kuposa kalata.

Wanu,
Tepi


1 Juni

Atelala anga,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti malungo a wamng'ono apita. Ine ndili bwino. Manja okha ndi amene ang'ambika ndi chisanu.

Mayi, kuzizira kumene tinkakudandaula kwathu kuja kunali kucheza. Ndinaiwala madzi m'ndowa panja, m'mawa ndinapeza auma gwa, ndinazondotsa ndowa osagwa ngakhale dontho. Tikaweruka aliyense amathamangira hita ya m'chipinda chake asanavule nsapato. Andevu, mkulu wa m'chipinda chachisanu amene amagawana khoma ndi alamu, amagona atavala chipewa ndi magolovesi a ku ntchito.

Achimwene anu chifuwa chachepa ndithu, ndipo masaya ayamba kubwerera. Apachika chithunzi chanu ndi cha ana pa msomali umene unkapachikidwa makwerero. Akungodandaula mutu m'mawa, akuti umalemera ngati wina wautsamira. Iwo akuti ndi kuwala kwa moto wowotcherera. Mwina ndi choncho.

Dzana madzulo ndinalowamo anzathu onse atayatsa mahita awo, ndipo ndinaona kanthu kakang'ono kamene sikanandisangalatse. Si nkhani yaikulu, ndi paipi chabe yofunika kusintha. Yoyenera ili m'sitolo ya kampani. Makiyi amasunga kapitawo, ndipo chilichonse chotuluka umasainira n'kulemba kumene chikupita. Ndikuona mmene ndingachitire. Ovolosi ija ndinaichotsa pa kabowo ndi manja anga, mawa lake ndinaipeza yabwerera.

Sabata yatha achotsa ntchito mnzathu wina chifukwa analumikiza chitofu pa paipi ya kampani popanda chilolezo. Pepala lake lokhalira kuno linali m'manja mwa kampani, ngati langali. Anamugwira Lachitatu, Lachisanu anali pa basi. Ali ndi ana anayi. Ndikungokuuzani nkhani za kuno basi.

Mwati mphete yalowa ku chala chaching'ono, koma khungu layamba kubiriwira ndipo makasitomala akufunsa. Ndi khalidwe la kopa limenelo, si matenda. Muziwauza kuti amuna anu ndi olemera kwambiri, golide anawatopetsa.

Wamkulu nsapato zikamuthina musadikire ine, mugulireni.

Wanu,
Tepi


22 Juni

Atelala anga,

Moni kwa nonse. Kuno tilipo, kungoti ntchito yachuluka. Aliyense wakumbukira hita yake tsopano pamene kwazizira, ndiye timachoka dzuwa lisanatuluke.

Kalatayi ndi ya achimwene anu kuposa yanga. Akufuna muwasokere shati yoyera ya manja aatali, yoti adzavale akadzabwera pa tchuthi mu Disembala. Akuti za m'sitolo za kuno zimasokedwera anthu opanda mapewa. Ndawayeza ndi tepi yanga ya mapaipi, iwo ataimirira nganganga ngati msilikali, Andevu akulemba manambala kuseri kwa paketi ya shuga. Pepalalo ndaikamo muno. Akuti thumba likhale kumanzere ndipo likhale lakuya, magalasi awo asamagwe akawerama. Akutinso musaike mabatani aja mumaikira anthu a ngongole, amawadziwa.

Masiku ano amagona kwambiri. Akaweruka amangodya pang'ono n'kulowa m'kachipinda kawo. Dzulo anasiya tiyi pa chitini osamumwa. Ndinawafunsa ngati sangabwerere kaye ku bedi lawo lakale kwa masiku ochepa. Anandiyang'ana n'kuti, “Mwandipatsa nyumba, alamu, lero mukufuna mundilande?” Ndinawasiya momwemo.

Za paipi ija, Loweruka likubwerali ndikalankhula ndi kapitawo. Ndatsimikiza mtima. Sabata ino nkhope yake sinali yofunsika kanthu, bwana wamkulu anamukalipira pamaso pathu.

Muzindipempherera. Palibe chimene chavuta, ndangonena.

Wanu,
Tepi


30 Juni

Mayi,

Sindikudziwa kuti ndiyambe ndi moni wotani. Pa foni paja mawu anandithawa, Andevu ndi amene anamaliza kukuuzani. Ndinakumvani mukulira, foni isanadulidwe.

Mwafunsa kuti zinayenda bwanji, ndiye ndilemba zimene ndingathe. Lamulungu kunazizira kuposa masiku onse, panalibe amene anatuluka, ngakhale a mpira. Tinadya limodzi masana. Anadya bwino, anandiseka kuti ndimagwira supuni ngati sipanala. Kenako anati akufuna atsamire pang'ono. Cha m'ma folo koloko Andevu anagogoda pa khoma kuti akasewere makadi monga amachitira, koma sanayankhidwe. Anabwera kudzanditenga. Tinawapeza atagona cham'mbali, bulangete lili m'khosi, magalasi ali m'manja. Nkhope yawo inali yabwinobwino, mayi, ngati munthu amene akulota zabwino. Adokotala akuti ndi mpweya woipa umene sununkha ndipo suoneka. Akuti sanamve ululu.

Thupi linyamuka Lachinayi ndi galimoto imene kampani yapeza. Andevu abwera nalo. Katundu wawo ndamumanga m'chikwama chobiriwira: zovala, chipewa chowotcherera, chithunzi chanu chija. Ine sindibwera, kapitawo wakana tchuthi.

Ngati shati ija munamaliza, muwaveke. Magalasi muwaikire m'thumba.

Ana muwauze kuti amalume awo ankawatchula tsiku lililonse. Pepani, mayi. Pepani kwambiri.

Mwamuna wanu


10 Ogasiti

Mayi,

Ndikhulupirira mukupezako bwino pamodzi ndi ana. Pepani kuti ndakhala nthawi osalemba. Ine ndilipo.

Andevu abwerera ndipo andifotokozera za mwambo wonse. Akuti shati inawakwana achimwene anu ngati munawayeza nokha. Akutinso munaima pa manda mpaka anthu onse atapita, wamkulu akukukokani dzanja. Mudye, mayi. Andevu akuti mwatha thupi.

Woyendera za ngozi anabwera ndi makina ake, analemba lipoti. Akuti cholakwa ndi nsanza imene inali pa kabowo ka mpweya. Kampani yapachika chikwangwani m'khonde choletsa kutseka mabowo, ndipo nkhani yathera pomwepo. Kachipinda kaja abwezeramo zitini za penti, pali loko.

Ntchito ikuyenda, koma kapitawo akuti ndayamba ulesi. Paipi imene kale ndinkayeza kamodzi, tsopano ndimayeza katatu. Ndikamaliza ndimabwerera pa thanki n'kuyambanso. Dzana pa nyumba ina ya okalamba ndinayatsa mahita onse, ndinakhala pansi kuyang'ana lawi la yakumapeto mpaka anzanga anandisiya, ndinabwerera wapansi. M'chipinda mwathu hita akayatsa ine ndimatuluka, ndimakakhala pa sitepe.

Kalata yanu ndinaiwerenga kamodzi kokha. Kumapeto kuja mwalemba kuti mukundithokoza, kuti achimwene anu anapita ali ofunda chifukwa cha ine, kuti mphete ija simuivula chifukwa inachokera m'chipinda chawo. Chonde, mawu amenewo musadzalembenso.

Makina osokera musawasiye. Ngakhale zigamba zokha, muzisoka.

Mwamuna wanu


19 Okutobala

Mayi a ana anga,

Makalata anu atatu ali pano, onse ndinawerenga. Mukufunsa ngati ndikudwala, kapena ngati ndapeza wina kuno. Sindikudwala, ndipo palibe wina. Kuno kwafunda tsopano, mahita azimitsidwa, koma ine tulo ndilibe. Kalatayi muwerenge muli nokha, ana ali ku sukulu.

Woyendera uja sanaone zonse. Tsiku lomwelo, thupi litangochotsedwa, kapitawo anandiitanira kuseri kwa thanki. Anati, “Tepi, paipi yako ija sindikuidziwa, ndipo mawa woyendera asaidziwenso. Apo ayi tonse awiri tili pa basi.” Ndinatenga sipanala, ndinamasula paipi yonse kuchokera ku chipinda chachisanu, ndinatseka polumikizira, ndinamata mabowo a m'khoma. Pambali pa hita tinaimikapo kasilinda ka gasi, kuti zioneke ngati alamu ankadziyatsira okha. Manja amene anachita zimenezo ndi angawa. Bedi lawo linali lisanayalulidwe.

Nsanza ija inalipodi, ndipo inathandizira. Koma nsanza yokha sikadawapha lawi likadakhala labwino. Sabata yatha ndinachita chimene ndinayenera kuchita mu Meyi. Ndinatenga tepi ndi kabuku, ndinayeza kuchokera pa thanki mpaka pa chitseko cha kachipinda kaja. Mamita makumi anayi ndi awiri, pokhota pasanu ndi panayi, mahita asanu ndi imodzi. Kabuku kakuti paipi yonenepa, ya twente-thu. Ine ndinaika fifitini, chifukwa ndi imene inali pafupi, ndipo ndinadzikhulupirira. Ndinaiyesa tsiku limene nyumba inali yopanda anthu, hita yawo ikudya yokha. Ine amene ndinakulemberani kuti timayatsa onse nthawi imodzi. Anzathu akayatsa awo, gasi ankathera m'njira, hita ya alamu inkatsala ndi njala, lawi linkasanduka lachikasu n'kumatulutsa mpweya uja.

Ndinaliona lawilo, mayi. Kanthu kakang'ono kamene ndinakulemberani mu Juni kanali kameneko. Mutu wawo uja ndinadziwa kumene unkachokera, ngakhale ndinkadzinamiza kuti ndi moto wowotcherera. Pa khoma panali kampopi kotsekera gasi. Kukatembenuza kamodzi kokha, bwenzi lero akutsokomola pa bedi la pakhomo, anzathu akuwang'ung'udzira. Sindinatseke. Ndinali nditakulonjezani kuti akhala ofunda, ndipo ndinachita manyazi kuwalanda chipinda chimene anandiyamika nacho. Loweruka lija ndinapitadi ku sitolo. Ndinafika mpaka pakhomo, ndinamva kapitawo akukalipira munthu m'katimo, ndinaganiza za basi ija ndi za ana athu, ndinabwerera. Ndinati ndidzapita Lolemba.

Tchuthi cha maliro sanandikanize. Kapitawo anachita kundikakamiza kuti ndipite, mwina ankafuna ndichoke pamaso pake. Ndinakana ndine. Sindikadatha kuima pambali panu pa manda, anthu akundigwira chanza kuti ndinawasamala bwino alamu anga.

Dzulo ndawauza Andevu. Anangovula chipewa n'kukhala nacho m'manja. Kenako anati, “Ine si amene ukuyenera kumuuza.” Lolemba ndikupita kwa woyendera uja ndi tepi ndi kabuku. Ndikudziwa kuti ntchito ithera pomwepo, mwina ndi zina zoposa apo. Ndafuna mumve kwa ine musanamve kwa akazi a anzanga.

Mphete imene muli nayo pa chala chaching'ono ndi chidutswa cha paipi yomweyo. M'envelopu muno ndaikamo ina, ya twente-thu, imene inkafunika. Sindinaipale. Ikani yanuyo m'kati mwake muone kampata kotsala. N'kochepa kuposa batani la shati. Inu munasoka shati osamuona mwini wake, inakwana. Ine ndinali nawo denga limodzi.

Munati mulibenso wina, ndipo munandipatsa m'manja. Sindikupempha kuti mundikhululukire, sindikudziwa ngati zotere zimakhululukidwa. Ndikungofunsa kumene ndidzatsikire basi ikadzandinyamula. Mukati ndibwere kunyumba, ndidzabwera, ndipo muzidzandiyang'ana mmene mungafunire. Ngati kulemba kukuvutani, musavutike ndi mawu. Ndikadzatsegula envelopu yanu n'kupezamo mphete yanu ija yokha, ndidzamva kuti ndisabwere.

Ndine bambo wa ana anu